Makope a Adokotala Anathera pa Chiwaya

Pa msika wa Bvumbwe panalibe munthu wondiposa pokambirana mtengo. Sindikudzitama ayi. Ndikufuna mudziwiretu kuti zimene zinachitikira makope a Adokotala sizinachitike ndi munthu wogona. Zinachitika ndi ine, wochenjera wa msika wonse, maso ali gwa, ndipo tsiku limenelo ndinafika kunyumba ndikuimba mluzu.

Ntchito yanga inali ya mapepala. Ana a masiku ano amene anabadwira m'majumbo sangaimvetse. Zaka zimenezo, matipate atangofika kumene, aliyense wogulitsa kanthu ankafuna pokulungira: a chipisi, amayi a mchere ndi usipa, a mtedza wokazinga, ngakhale madala opichira fodya. Ine ndinkazungulira m'maofesi a m'maesiteti a tiyi pa njinga yanga, kugula mapepala otha ntchito pa sikelo, n'kukawagulitsa m'timitolo. Kuwerenga ndimatha, koma pepala sindinkaliwerenga. Ndinkaliweruza ndi zala. Lolimba n'la chipisi. Lofewa n'la fodya. Lonyezimira n'lachabe chifukwa silimwa mafuta.

Adokotala aliyense ankawadziwa. Anali mwana wa ku Nchilamwela konkuno, mayi awo anakalambira m'munda wa tiyi ndi dengu kumsana. Iwo sukulu inawakonda, inawatengera kunja, ndipo anakhalitsa komweko chifukwa nthawi imeneyo munthu wophunzira kwambiri kubwerera kwawo kunali kudziputira mavuto. Zinthu zitasintha anabwera, mutu utayamba imvi. Sanali dokotala wa jakisoni. Amayi ankawatsekereza panjira ndi ana a chifuwa, iwo n'kumapepesa ngati alakwa. Manijala wakale wa esiteti ina anawabwereketsa kachipinda kuseri kwa sitolo ya feteleza, ndipo m'menemo ndi mmene ankasunga makina awo ndi mabuku.

Ine ndinawadziwira pafupi tsiku lina njinga yawo yamoto itakana pa mtunda wopita ku Nsabwe. Ndinawapeza akuikankha, thukuta lili kamukamu. Ndinamanga bokosi lawo pa keliyala yanga n'kuwaperekeza kumene ankapita, kuchitsime china cha m'mphepete mwa tiyi. Titafika anagwada n'kufukula kapaipi kobisika m'dothi. M'kapaipimo munali ulusi wagalasi, wowonda ngati tsitsi. Analumikiza nsonga zake ku bokosi lija, anadina, anadikira, kenaka anatulutsa kope lachikuto chakuda chofiira kumsana n'kulembamo manambala.

"Adokotala, kodi mukuwedza chiyani m'dothimo?"

"Cheza, achimwene."

"Cheza pansi pa nthaka? Mwayamba liti kumwa?"

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati miyala ndi dothi zimatulutsa cheza china chosaoneka ndi maso, pang'onopang'ono, osalekeza. Ulusi wagalasiwo ukamalandira chezacho umachita ngati diso loyamba ng'ala. Ukawalitsa nyali mbali ino, kuwala kotulukira mbali inayo kumachepa, ndipo kuchepako ndiko kumakuuza kuti padutsa cheza chochuluka bwanji. Anzawo a kumaiko ozizira ankayesa ulusi wotere m'zipinda zotseka, masabata ochepa basi. Koma kuusiya m'dothi lathu lofiirali, lotentha, lonyowa, zaka ndi zaka, kuti aone ngati umanenabe zoona ukakalamba, imeneyo inali ntchito yawo. Timapaipi totere anali nato m'malo angapo, ndipo mwezi uliwonse ankatiyendera tonse.

"Mukaphonya mwezi?"

"Mwezi umenewo wapita. Sungauitanenso."

"Nanga manambalawa akugula ndani?"

"Palibe."

"Ndiye mukuvutikiranji, akulu?"

Anasolola kakhadi ka positi kamene anakapanira m'kopemo. Kanali ndi sitampa yachilendo. Munthu wa ku yunivesite ina ya kutsidya kwa nyanja ankapempha kuti amutumizire zimene analemba zokhudza ulusiwo. Makhadi otere anati ali nawo katoni yodzaza. Wophunzira akagwiritsa ntchito nzeru zako polemba zake amatchula dzina lako kumapeto, ndipo wina akawerenga iyeyo amabwera kudzafuna iwe.

"Ndiye kuti ndi makasitomala otumizana," ndinatero.

"Ndi momwemo ndithu."

"Koma osalipira."

"Osalipira."

"Bizinesi yanu ndi yomvetsa chisoni, Adokotala."

Pokwirira kapaipi kaja anandipatsa kope kuti ndiwagwirire. Zala zanga, mwa chizolowezi, zinalisisita n'kuliweruza: pepala lolimba, labwino chipisi. Ndinadziseka ndekha mumtima.

Panapita zaka. Makope aja anachulukana mpaka kudzaza shelefu. Kenaka Adokotala anaitanidwa kunja kukalankhula za ulusi wawo pamaso pa akatswiri anzawo. Unali ulendo wa masabata atatu okha, ndipo masiku anawasankha bwino kuti timapaipi tawo tisaphonye mwezi. Anatseka chipinda ndi loko, kiyi wina n'kusiya ku ofesi monga mwa lamulo la pa esiteti.

M'masabata omwewo kunafika manijala watsopano. Munthu wa tayi, wa mapepala ake a sukulu, osati mbuli ayi, ndipo chimenechi ndicho chimandipsetsa mtima koposa. Mbuli ungaikhululukire. Iyeyu ankafuna malo olerera anapiye a nkhuku zake zachizungu. Anaona chipinda chotseka, anafunsa kuti n'cha ndani, anauzidwa kuti n'cha munthu amene si wantchito wa kampani, basi n'kulamula kuti chikonzedwe pofika Lolemba.

Tsono pa esiteti pali mwambo wake. Chinthu chilichonse cha kampani chimalembedwa nambala ndi penti yoyera, ndipo cha nambala sichitayidwa ngakhale chiwole. Chopanda nambala ndi zinyalala. Mpando wothyoka mwendo umene Adokotala ankautsamiritsa kukhoma unali ndi nambala, choncho anaunyamula anthu awiri mwaulemu n'kukauika pouma. Makina aja analibe nambala, koma anali achitsulo, ndipo chitsulo amachiopa; anawakankhira pakona m'sitolo ya feteleza. Makope analibe nambala, analibe chidindo, analembedwa ndi manja. Kalaliki wa sitolo anangoona kuti apa patuluka ya sopo, n'kunditumizira uthenga.

Kalalikiyu tinkaitanana alamu, ngakhale panalibe amene anakwatira mlongo wa mnzake. Ndinamupeza ataunjika makatoni pakhonde.

"Alamu, lero mwalemera," anatero. "Gwirani pepala ili. Si nyuzipepala zanu zonyenyeka zija."

Ndinatsegula katoni yoyamba. Chikuto chakuda, chofiira kumsana.

Apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa bodza ndinalinena kale mokwanira kwa mkazi wanga ndi kwa ine ndemwe. Makopewo ndinawazindikira. Ndikanatha kufunsa kuti, kodi eni ake akudziwa? Koma wogula akafunsa za mwini katundu waonetsa kuti katunduyo ndi wofunika, ndipo lamulo limeneli linali m'magazi mwanga. Ndinadziuza kuti munthu wophunzira chotere sangasunge chinthu pamalo amodzi, ndithu anakopera pena. Nditadzitonthoza choncho, ndinakwinya nkhope.

"Zimenezi mwandiitanira? Olembedwa ndi manja awa, alamu. Inki isuluke pa chipisi, kasitomala adye zabuluu, omenyedwa ndikhale ine?"

"Ndi bolopeni iyi, siisuluka."

"Nanga zikutozi? Mukufuna kundiyezera makatoni pa mtengo wa pepala? Mwandiona ngati ndatsika basi m'mawa uno?"

"Inu alamu, mudzafa ndi umbombo."

"Ndidzafa wokhuta."

Ndinakankha njinga kulowera kugeti osacheuka. Ndisanafike pa mlonda anandiitana. Anatsitsa, ndinakana, anatsitsanso. Pomaliza ndinaloza katoni yaing'ono ya makhadi a positi n'kunena kuti imeneyo ikhale basela. Anaikankha ndi phazi. Ndinapalasa maulendo awiri, ndipo wachiwiriwo ndi wa mluzu uja.

Kunyumba ndinang'amba zikuto, mkazi wanga anakolezera moto. Masamba ndinawapatula monga mwa luso langa. Makope oyambirira ndi omalizira anali a pepala lolimba. A pakati anali ofewa, mwina zaka zimenezo makope abwino anasowa m'sitolo. Olimba ndinamangira a chipisi ndi a mchere, ofewa ndinasungira a fodya. Masiku awiri a msika, katundu wambiri anali atapita.

Tsiku lachitatu, dzuwa litakwera, njinga yamoto inaima kutsogolo kwa benchi langa. Adokotala anatsika n'kuvula chipewa. Ankachokera ku esiteti, kumene anatsegula chitseko chawo n'kulandiridwa ndi anapiye. Mlonda ndi amene anawauza za munthu wa njinga.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu Adokotala? Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino. Ndamva kuti makope anga ali kwa inu."

Sanakweze mawu. Bola akanandimenya mbama. Ndipo muone mmene ntchito imamuonongera munthu: choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali chakuti, uyu akuwafunitsitsa, mtengo ukwere. Chinabwera chokha, ngati kuyetsemula. Manyazi anandigwira.

"Munakopera pena, eti?"

"Ndinkati ndikopere ndikamaliza," anatero. "Zimene ndinasindikiza kale n'za chiyambi chabe. Anzanga kumsonkhano andipempha kuti ndiwatumizire zonse chaka chino. Ena aimika ntchito zawo, akudikira manambala amenewa."

Ndinagwada n'kutulutsa timitolo totsala pansi pa benchi. Anamasula kamodzi, anayang'ana tsamba la pamwamba, anayang'ana la pansi. Ine pomanga ndinkasakaniza, kuti mitolo ifanane kukula. Tsamba la dzinja la chaka china linagona pa tsamba la chilimwe cha chaka chinanso.

"Enawo munagulitsa kwa ndani?"

"Tiyeni," ndinatero. Benchi ndinalisiya chomwecho.

Tinayambira pa chiwaya cha pafupi ndi siteji ya minibasi. Mwini wake, mkulu wina wa chimimba, anali akupinda tsamba kuti aikemo chipisi. Ndinalitsomphola m'manja mwake.

"Iwe, wapenga?"

"Bweza mapepala onse aja."

"Ndibweze? Suja unandigulitsa dzana, ukulumbira kuti achokera kwa azungu?"

"Ndikupatsa nyuzipepala ziwiri pa tsamba limodzi."

Anayang'ana ine, anayang'ana Adokotala ndi nsapato zawo zopolisha, n'kuyamba kupukuta manja pang'onopang'ono. "Zinayi."

"Ulibe chisoni iwe? Munthuyu ndi ntchito yake ya zaka!"

"Za chisoni ukunena iwe? Ndani anandiuza kuti munthu akabwera akuthamanga ndizikweza mtengo?"

Ndinavomera zinayi, ine amene sindinagonjepo pa mtengo chibadwire. Koma zimene anabweza zinali zochepa. Masamba ambiri anali atadyeramo kale anthu, ndipo anali kudzala la kuseri kwa siteji. Adokotala anapita komweko. Anagwada pa zinyalala ndi buluku lomwe analankhulira nalo pamaso pa akatswiri a kunja, n'kuyamba kutola timapepala tofinyafinya, kutifunyulula, kutiyang'anitsa kudzuwa. Mafuta anali atalowerera moti manambala a mbali ino ankasakanikira ndi a mbali inayo. Tsabola ndi tomato zinafufuta ena.

Anthu anaunjikana. Pa Bvumbwe, munthu wa jekete akagwada kudzala, bizinesi imaima.

"Zayamba," anatero wina. "Sukulu ija yawakwera m'mutu."

"Ndinkanena ine. Munthu wabwino sakwirira mapaipi kuchitsime."

Magazi anandiwira. Ndinakwera pa mwala n'kuwalalatira onse. Ndinati munthu mukumusekayu dzina lake likutchulidwa m'mabuku kumaiko amene inu simudzapondako ngakhale m'maloto. Ndinati akatswiri a kunja amamulembera makalata kupempha tsamba limodzi lokha, mwaulemu, ndi sitampa yawo, pamene inu mwapukutira pakamwa ntchito yake n'kuitaya pansi. Ndinati tikanakhala anthu ozindikira bwenzi tikumunyamula pamapewa. Ndinalankhula bwino zedi. Ndikanapitiriza, koma mayi wina wa kabichi anafunsa, osakweza n'komwe mawu:

"Nanga wagulitsa ndani?"

Ndinatsika pamwala paja.

Amayi a mchere ndiwo anatipatsa mpumulo. Atamva nkhani anamasula timapaketi tawo tonse, mchere n'kuukhuthulira m'lichero, masamba n'kuwakung'untha limodzilimodzi.

"Tengani, bambo. Mayi anu tinkathyola nawo tiyi mzere umodzi, sindingakulipiritseni. Koma uyu," anandiloza ndi mlomo, "tsiku lina adzagulitsa malaya mwini wake akadali m'katimo."

Timapaketi tina tinali titapita kale ndi ogula, kumidzi kosadziwika. Kumeneko sitikanatsatira.

Kunatsala masamba ofewa aja. Mtolo waukulu ndinagulitsa kwa mdala wina wa ku Nchilamwela, kapitawo wopuma ntchito, amene ankagulira anzake onse a pa bawo. Tinapita m'mawa mwake pa njinga yamoto, ine kumbuyo. Tinamupeza pakhonde. Anatilandira m'Chilomwe, anaitanitsa mipando, ndipo atadziwa kuti mlendoyo ndi mwana wa ndani, malonje anatalika. Kwathu kuno sufikira pa nkhani kwa munthu wamkulu. Umayamba wamva za thupi lake, za mvula, za maliro a sabata yatha, iye n'kumvanso zako. Ali mkati mofunsa za abale a Adokotala mmodzimmodzi, anatsegula kachitini, anatulutsa kachidutswa ka pepala, anathirapo fodya, anapichira, ananyambita m'mphepete. Manambala ankaoneka bwinobwino, zolemba za Adokotala zopendekera zija. Anayatsa machesi.

Ndinafuna kudumpha. Adokotala anandigwira bondo. Anapitiriza kuyankha kuti azakhali ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuvuta, maso awo ali pa moto umene unkadya ndudu ija kulowera kuzala za mdalayo.

Nthawi ya nkhani itakwana ndinafotokoza ndine. Mdala uja anayang'ana kotsalira ka ndudu kake, n'kukazimitsa pa mwendo wa mpando.

"Mwanawe, bwanji osandidula pakamwa?"

"Sizikanatheka, bambo," anatero Adokotala.

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi zonse zimene zinatsala. Tsamba lililonse anali atalidula panayi, ndipo zambiri anagawira anzake. Anatiperekeza yekha khomo ndi khomo, ndi ndodo yake, akukalipira madala anzake ngati iwo ndiwo analakwa. Wina anatiuza mosabisa kuti pepala lake linali lokoma, losatsokomoletsa. Tinabwerako ndi zidutswa zosadzaza chipewa.

Sabata yonse yotsatira Adokotala ankabwera kwathu m'mawa uliwonse. Mkazi wanga ankasita masamba ndi simbi yamakala, atayala nsalu pamwamba kuti asapse. Iwo ankawandanda pa mphasa motsata masiku olembedwa pakona, n'kumawapsinja ndi timiyala. Ine ntchito yanga inali yothamangitsa nkhuku, ndipo inandiyenera. Pofika Loweruka mphasa inanena zoona zake. Zaka zoyambirira zinabwerera pafupifupi zonse. Zomalizira zinalipo, zamafutamafuta koma zowerengeka. Pakati panali mphasa yokhayokha, ndi tizidutswa apa ndi apo topanda tsiku.

"Sizikwana?" ndinafunsa.

"Mtengo wake wa ntchitoyi unali woti mzere sunaduke. Munthu akaona ulusi uli bwino kuno, n'kuuonanso utatopa uko, afunsa kuti unatopa liti, unatopa bwanji. Yankho linali apa." Anagogoda mphasa popanda kanthu.

Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Adokotala, inu mukudziwa mmene manambalawa ankayendera. Simungangolembamo oyenerera? Ine mango osapsa ndimawaika pakati pa mulu, palibe anabwezapo."

Mkazi wanga anaika simbi pansi n'kundiyang'ana ngati waona njoka m'nyumba.

"Achimwene," anatero Adokotala, "kuli anthu amene akufuna kuika ulusi wotere m'zipatala, woti uziwachenjeza cheza chikachuluka. Adzakhulupirira manambala anga chifukwa cha dzina langa. Ndikawanamiza, sadzabwera kudzabweza katundu ngati pamsika. Adzangovulaza munthu."

Ndinabwerera kwa nkhuku zanga.

Makhadi a positi aja okha ndiwo anapulumuka onse, chifukwa palibe anawafuna: sapindika, samwa mafuta, sapichirika. Ndinawabweza ndi katoni yake. Pofika madzulo ndinali nditawaona ambiri, masitampa a mbalame zachilendo, a mafumu osadziwika, aliyense akuyamba ndi ulemu, akutha ndi kuthokoza. Mpaka lero zimandiwawa. Anthu a kutali amene sanamwepo madzi a chitsime chija ankadziwa mtengo wa makope aja. Ife amene tinkawaona Adokotala mwezi ndi mwezi akugwada m'matope makopewo tinawayeza pa sikelo ya feteleza.

Tsono amene anawatumizira makina aja kuchokera kunja ankayenera kuuzidwa chimene chachitika, ndipo Adokotala anapempha esiteti kuti ilembe kalata. Inabwera, yotaipidwa bwino, ya chidindo. Anandiwerengera pakhonde panga, akumasulira m'Chichewa. Kampani inali yachisoni kudziwitsa kuti mapepala ena amene anasiyidwa m'chipinda chake popanda chisamaliro anadyedwa ndi chiswe.

"Chiswe!" ndinakuwa. "Popanda chisamaliro! Mawa tipitira limodzi. Ndikamuuza pamaso."

Ndinavala jekete la kutchalitchi. Njira yonse ndinkakonza mawu. Manijala anatisiya chiimire, iye akusaina mapepala ake. Pafupi ndi chitseko panaima alamu anga aja, kalaliki, atakumbatira failo pachifuwa.

"Bwana," ndinayamba, "chiswe mwalembacho ndi ine. Chili ndi njinga, chinalowera pageti panu masana, chinatuluka kawiri."

Anaika cholembera pansi. "Ndiye mukuvomera kuti munatulutsa katundu pa esiteti popanda chiphaso?"

"Katundu wa ndani? Suja analibe nambala?"

Ndinaona kuti ndamulasa, ndipo ndinayang'ana Adokotala kuti aone luso. Koma munthu uja sukulu sanapitire kukasewera.

"Mwanena bwino," anatero. "Ngati analibe nambala, sanali m'manja mwathu, ndipo kalatayi tailemba mwa chifundo chabe. Ngati anali m'manja mwathu, inu mwaba, ndipo apolisi si patali." Anaika dzanja pa telefoni. "Amene anakugulitsaniyo mumutchulenso, atuluke lero m'nyumba ya kampani ndi ana ake. Mageti a maesiteti onse kuno mudziwe kuti timauzana. Sankhani."

Sindinacheuke. Ndinaganiza za ana a alamu anga, zoona. Koma ndisadziyeretse: ndinaganizanso za mageti.

"Zisiyeni, achimwene," anatero Adokotala chapansipansi. "Sizibweza tsamba ngakhale limodzi."

Manijala sanafune kuti zithere pomwepo. Anatsamira pampando wake.

"Ndiye tigwirizane, bambo wa njinga. Mapepala aja anadya n'chiyani?"

Ine amene ndinagonjetsa msika wonse wa Bvumbwe ndi pakamwa ndinaweramitsa mutu. Ndinayang'ana kapeti.

"Chiswe, bwana."

"Zikomo. Mutseke chitseko potuluka."

Kalata ija Adokotala sanaitumize. Analemba yawo, yonena kuti makope anagulitsidwa ngati mapepala okulungira iwo ali paulendo, osatchula munthu. Pa zaka zoyambirira zija analembapo kanthu kakafupi, n'kuwauza anzawo kuti zinazo asadikire. Makina anawachotsa m'sitolo ya feteleza atayamba kale dzimbiri. Timapaipi anatifukula tonse. Mvula isanagwe analandira ntchito yophunzitsa kudziko lina.

Ndinawanyamulira masutikesi pa keliyala mpaka pa siteji. Tikudikira kuti minibasi idzaze, ndinafunsa ngati akayambirenso kumeneko.

"Dothi la kumeneko si lino," anatero. "Ndipo zaka zimene zimafunika, sindikudziwa ngati ndikadali nazo."

Ndinavula chipewa. Ndinawauza zimene ndinali ndisanauze munthu, kuti tsiku lija pakhonde la sitolo makopewo ndinawazindikira.

"Ndinkadziwa," anatero. "Munaligwirapo kope limodzi kuchitsime."

"Ndiye mundikhululukire, Adokotala."

Anandiyang'ana, osakwiya, osamwetulira. "Munandithandiza kutola," anatero.

Ndinadikira kuti mwina awonjezera. Kondakitala anamenya chitseko, iwo anawerama n'kulowa, minibasi inanyamuka kulowera ku Limbe.